Kusaka ngalande ku Mangalande

Lamulungu usiku, 5 Okutobala, Coventry

Amene ayambitsa ulendo uno ndi agogo ena a zaka 91 omwe ndimawasamalira kuntchito. Ali ndi chithunzi chija amachidula tizidutswatizidutswa kuti uzilumikiza wekha, ndipo takhala nacho masabata atatu, iwo akuloza, ine ndikuika, poti zala zawo zinasiya kumvera. Titamaliza panatuluka chinyumba chamiyala cha nsanja zinayi zobulungira, chitakhala phee pakati pa madzi ngati bakha. Ndinafunsa ngati imeneyo ndi nyanja. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nkhuku ili ndi mano. "Ayi mwanawe, imeneyo ndi moat."

Madzulo ake ndinatumiza chithunzicho kumudzi ndi uthenga wamawu pa WhatsApp. Amayi anayankha msangamsanga, mawu ali m'mwamba: "Moto wazungulira nyumba? Nanga anthu atulukamo?" Zinatenga mauthenga atatu kuti amvetse kuti liwu lomveka ngati moto likunena madzi.

Bambo ndiye sanaseke. Anaphunzitsa Chichewa m'sukulu za ku Dedza mpaka kupuma, ndipo choko chinawakanirira m'magazi. "Naphiri, la Chingerezi talimva. Pa Chichewa ndi chiyani?" Ndinati ngalande. Apo m'pamene anaseka. "Ndiye kuti ku Mangalande kulidi ngalande! Koma ngalande ntchito yake n'kutaya madzi. Iyoyo ikusunga. Kaione kaye ndi maso, uzindiuza."

Ndili ndi masiku asanu ndi limodzi a tchuthi omwe ndikapanda kuwatenga apsa. Chikwama ndalongedza: fulasiki, mtedza wokazinga, jekete lamvula lobwereka.

Lolemba, 6 Okutobala, Kenilworth

Ndayamba ndi pafupi. Basi yochokera m'tauni ya Coventry ndi £3, ndipo theka la ola lisanakwane ndinali nditatsika. Linga la Kenilworth ndi bwinja lofiira ngati uvuni wa njerwa wophwasulidwa mbali imodzi. Pakhomo ndinayang'ana mtengo wolowera, ndinawerengera kuti ndi ufa wa masabata angati, n'kubwerera. Ndadzera madzi, osati zipinda, ndipo kanjira kapansi kozungulira kunja n'kaulere.

Ndinayenda, ndinayenda, madzi osawaona. Udzu wokhawokha ndi matope. Kenako ndinakumana ndi bambo wina wa galu wonenepa, ndipo nditamufunsa komwe kuli madzi anati, "Mwachedwa ndi zaka pafupifupi 400. Pamene mwaimapo ndi pansi pa nyanjayo."

Anaima nane mwina mphindi 20, galu akundinunkhiza thumba la mtedza. Anandilozera chimtumbira chachitali chomwe anthu amadutsapo polowa m'lingalo, nati limenelo linali damu. Anatseka timitsinje tiwiri, madzi n'kusefukira m'chigwa chonse kumadzulo ndi kumwera. M'chaka cha 1266 mfumu Henry III inazinga linga limeneli, m'kati muli otsatira a Simon de Montfort, mtsogoleri wa oukira mfumuyo, amene anali ataphedwa ku Evesham mu 1265. Mfumu inachita kuitanitsa mabwato kuchokera ku Chester kuti iwoloke madziwo, koma zinakanika. Anthu a m'katimo anapirira kuyambira Juni mpaka Disembala, ndipo chinawatulutsa ndi njala ndi matenda. Itatha nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, asilikali a Nyumba ya Malamulo anagumula damulo kuti wina asadzabisalemonso, madzi onse n'kupita.

Nsapato zanga zalowa madzi, ndiye sindinganene kuti sindinawapeze. Ndatumiza chithunzi cha udzu kwa bambo. Yankho lawo: "Limenelo ndi dambo. Pitiriza."

Lachiwiri, 7 Okutobala, London

Basi yaikulu yopita ku Victoria ndinagula tikiti yake kale pa intaneti, yotchipa chifukwa ndi ya 6 koloko m'mawa. Ndagona njira yonse, pakamwa pali yasa, ndikukhulupirira.

Ku Tower of London sindinalowe. Anthu anali pamzere ngati pogula shuga wosowa, onse akufuna kukaona zisoti zachifumu. Ine ndinatsamira chitsulo cha kunja n'kumayang'ana pansi. Kachiwiri: mulibe madzi. Chidzenje chotakata kuposa msewu wa Chipembere, chozungulira makoma, m'kati muli udzu ndi zotsalira za maluwa. Edward I ndiye anachikulitsa chotere m'zaka za m'ma 1270, poganiza kuti mtsinje wa Thames uzichitsuka ukamadzaza ndi kuphwa. Sizinayende choncho. Zonyansa zonse za m'lingamo zinkangokhazikika pansi, fungo n'kumadwalitsa asilikali, mpaka Duke of Wellington, amene ankayang'anira malowa, analamula kuti achiphwetse m'chaka cha 1843. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankalimamo ndiwo zamasamba. Mu 2014 anadzazamo maluwa ofiira oumba ndi dothi okwana 888,246 pokumbukira asilikali a Britain ndi a maiko omwe inkawalamulira amene anafa pa nkhondo yoyamba. Nditawerenga nambala imeneyo maganizo anathawira ku Zomba, pa chipilala cha asilikali a KAR chomwe ndinkachidutsa pa minibasi osachiyang'ana n'komwe.

Sangweji, tchipisi ndi chakumwa za m'sitolo, pafupifupi £4, ndadyera pabenchi nkhunda zikundilondera. Usiku uno ndagona kwa mnzanga wa kutchalitchi chakwathu amene amakhala kum'mwera kwa mtsinje. Wandiphikira nsima ya usipa wobwera m'sutikesi ya munthu. Nditamuuza chomwe ndikuyendera anaika chipande pansi. "Iwe, tchuthi chonsechi ukusaka dzenje?"

Lachitatu, 8 Okutobala, Bodiam

Lero ndiye lero.

Sitima ya ku Hastings kuchokera pa Charing Cross, kutsikira pa Robertsbridge patatha ola ndi mphindi zingapo. Pamapu Bodiam imaoneka pafupi, makilomita ngati 8. Ndinati mwana wa ku Dedza sangaope makilomita 8. Chomwe mapu sanena n'chakuti timisewu takuno tilibe poyenda munthu wapansi. Mbali zonse ndi mpanda wa zitsamba wautali kuposa ine, msewu wokhotakhota, ndipo galimoto imangotulukira pakona ngati yagwa kumwamba. Kawiri konse ndinadziponya m'zitsamba zaminga. Ndivomere, ndinachita mantha enieni, a m'mimba, ndipo ndinayamba kuganiza momwe angakafotokozere kumudzi kuti mwana wawo anagundidwa akusaka ngalande.

Kagalimoto kobiriwira kanandipitirira, kenako kanaima, n'kubwerera chafutambuyo. Mayi wachikulire, tsitsi mbuu, anatsitsa galasi. "Mukufuna kufa? Kwerani." Kumpando wakumbuyo kunali mabokosi a maapozi, ndiye ndinakhala kutsogolo nditanyamula chikwama pamiyendo.

Anali mphunzitsi wa Chifalansa asanapume. Aphunzitsi opuma akundilondola chaka chino. Nditawauza za funso la bambo anamenya chiwongolero ndi chikhatho. Akuti liwu lakuti moat nalonso ndi lobwereka, ndipo linasochera panjira. Linachokera ku Chifalansa chakale, motte, ndipo tanthauzo lake linali chulu, mulu wa dothi. A Norman, ochokera ku France, atalanda England mu 1066 ankamanga malinga awo oyamba mofulumira: kukumba dzenje mozungulira, dothi lake kuunjika pakati, pamwamba pa muluwo kuimikapo nsanja yamitengo. Mulu ndiye unali motte. Pakupita kwa zaka dzina linatsetsereka pamulu paja n'kugwera m'dzenje momwe dothilo linachokera. Afalansa eni ake, akutero mayiwo, dzenje lamadzilo amalitcha douves, liwu lina kotheratu.

Ananditsitsa pageti, anakana ndalama ya mafuta, anandipatsanso maapozi anayi.

Ukamachokera koimika magalimoto sulionatu lingalo. Umakwera kamtunda, kudutsa kanyumba ka konkire ka asilikali ka nthawi ya nkhondo yachiwiri, kenako mwadzidzidzi ilo, ndendende chithunzi cha agogo aja, lina lili chilili, lina lili chadodolido m'madzi. Ndinaima kaye. Apa ndiye ndinalipira mosawerengera ufa.

Madzi ake ndi obiriwira, osayenda. Ukaima pamlatho wamatabwa nsomba zimabwera zokha, zikuluzikulu ngati ntchafu ya munthu, milomo ili yasayasa pamwamba pa madzi kupempha buledi, abakha akuziponda pamitu. Zimatchedwa carp. Ndinaziyang'ana ndi maso a munthu woti dzulo wadya usipa wowerenga.

Lingali analimanga Sir Edward Dalyngrigge, msilikali amene analemera ndi zofunkha pa nkhondo za ku France. Mu 1385 mfumu Richard II inamupatsa chilolezo chomanga, pa chifukwa chakuti Afalansa akhoza kulowa ndi mtsinje wa Rother womwe ukudutsa chapansipa. Bambo wina wongodzipereka, wovala baji, anandionetsa kachilumba ka makona asanu ndi atatu kamene mlatho umadutsapo. Kale mlatho sunkabwera molunjika ngati lero. Unkachokera kugombe la kumadzulo, kuyenda m'mbali mwa khoma, n'kudzakhota pakachilumbapo. Anandiuza kuti ndiyerekeze kuti ndanyamula chishango. Ndinakweza dzanja lamanzere. "Eya. Ndiye mbali iti yayang'ana kukhoma?" Yamanja, yopanda kanthu. Oponya mivi ankangosankha nthiti.

Koma bambo yemweyo, atatsitsa mawu ngati akunena miseche ya mfumu, anati akatswiri ambiri amakayikira ngati madziwa analidi otchinjiriza nkhondo. Kuya kwake ndi mita imodzi ndi theka m'malo ambiri. Linga lili pamalo otsetsereka, ndipo chomwe chagwira madzi kumunsi ndi mtumbira wadothi chabe, woti amuna ochepa a makasu akhoza kuugumula tsiku limodzi madzi onse n'kutsikira ku Rother. Mawindo ena ndi aakulu mosayenera nyumba yankhondo. Mwina Dalyngrigge ankangofuna kuti mlendo akamafika aone nyumba yake kawiri, m'mwamba ndi m'madzi, ayambe kuvula chipewa akadali kutali. Ndinaganiza za nyumba zina ku Area 47 za mipanda yotalika kuposa denga, mageti a mikango yasimenti, m'kati muli galu mmodzi wowonda.

Kenako anandilowetsa m'kakachipinda m'kati mwa khoma, muli mpando wamwala wobowola pakati. Ndinasuzumira. Pansi penipeni kuwala kobiriwira. Zimbudzi zotere m'lingali zilimo 28, ndipo zonse zinkathira m'madzi omwewa.

Ndinakhala paudzu kuseri, kudya apozi, n'kujambula uthenga wautali wofotokoza zonsezi. Amayi anayankha koyamba: "Nsomba zimenezo usadye." Bambo anadikira mpaka madzulo. Nkhani ya chulu chosanduka dzenje yawakomera kwambiri. "Naphiri, imeneyo ife timaidziwa. Ukamamanga nyumba dothi umalitenga pankhuti. Nyumba ikukwera, nkhuti ikuzama, dzinja likafika yadzaza madzi, achule ayamba msonkhano, zinyalala zonse zapakhomo n'kumathera momwemo. Azunguwo anangoikumba mozungulira." Ndinafunsa ngati ndiye tapeza liwu. Anati ayi. Nkhuti siletsa mdani, imangothyola mwendo wa woledzera.

Pobwerera sindinayesenso zaukatswiri. Ndinadikira basi ya ku Hastings mphindi 50 pamphepo, tiyi wa £3 ali m'manja, wozizira ndisanafike pakati.

Lachinayi, 9 Okutobala, pamsewu wa ku Cardiff

Tsiku lathera m'basi. Inanyamuka mochedwa, inaimanso nthawi yaitali potuluka mu London, ndipo chimbudzi chake chinali chotseka. Miyendo ikuwawa chifukwa cha masitepe ozungulira a dzulo.

Ndinakhala ndi bambo wa ku Nigeria, namwino, wopita kukaona mwana wake ku yunivesite. Ataona zithunzi pafoni yanga anati, "Tizithaphwi timeneti?" Kwawo ndi ku Benin City, ndipo akuti mzinda wakale wa mafumu awo unazunguliridwa ndi maenje akuya ndi mitumbira yadothi, zokumba ndi manja, zotalika makilomita ambirimbiri, Angerezi asanauwotche mu 1897. M'chinenero chawo cha Edo amati iya. Lero mbali zina anthu amatayamo zinyalala, mbali zina anamangamo nyumba. Anandigawira nthochi zokazinga zouma, ine ndinamupatsa apozi. Ndinachita kansanje pang'ono kuti iwo ali nalo liwu lawolawo, lalifupi, losachita kufunsa bambo awo.

Tinawoloka mtsinje wa Severn pamlatho wautali zedi, madzi a bulauni ngati Shire wa mu Febuluwale. Kutsidya zikwangwani zonse zili m'zinenero ziwiri, Chiwelishi pamwamba. Pamsewu alemba ARAF, kutanthauza kuti chepetsa liwiro. Ndagona m'nyumba ya alendo yotchipa, chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, bedi lam'mwamba. Wina pansi panga akuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Pasipoti ndaika m'kati mwa pilo.

Lachisanu, 10 Okutobala, Caerphilly

Kadzutsa ndinadyera mumsika wa Cardiff: timakeke tophwatalala tootcha pachiwaya, ta mphesa zouma, towaza shuga, totentha moti pepala linanyowa. Ndinagula tinayi, ndinabwereranso kukagula tina tinayi.

Sitima ya ku Caerphilly ndi mphindi 20 zokha, kulowa m'phanga la pansi pa phiri n'kutulukira m'tauni. Kutsika ndi msewu wa masitolo, kudutsa chiboliboli cha wanthabwala Tommy Cooper amene anabadwira kuno, basi tauni yatha, kwayamba madzi.

Izi ndiye zina. Ku Bodiam madzi ndi mkanda wovala m'khosi. Kuno ndi nyanja ziwiri, ina kumpoto ina kumwera, ndi maenje ena amadzi m'kati mwake, malo onse pamodzi maekala 30. M'Britain monse linga loposa ili kukula ndi la Windsor lokha. Kulizungulira wapansi kunanditengera pafupifupi ola, ndikuzemba zitosi za atsekwe omwe ali mazanamazana ndipo saopa munthu.

Analimanga Gilbert de Clare kuyambira 1268, polimbirana dera lino ndi kalonga wa Awelishi, Llywelyn ap Gruffudd. Llywelyn analiwotcha mu 1270 lisanathe, De Clare n'kuyambiranso. Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti De Clare yemweyu anaona zimene madzi anachita ku Kenilworth mu 1266, ndipo ambiri amati nzeruyi anaitenga kumeneko. Ndiye nyanja ija ndinaisowa Lolemba ndaipeza Lachisanu, ili ku Wales. Anatseka kamtsinje kotchedwa Nant y Gledyr ndi khoma lalitali lamiyala, lochirikizidwa ndi zipilala zonenepa, lomwe ndi damu komanso linga nthawi imodzi. Pamwamba pake ndi potakata moti panali ngakhale chigayo choyendera madzi. Amenewa si a makasu tsiku limodzi ayi. Madzi omwe ndikuwaonawa anawabwezeretsa m'zaka za m'ma 1950, atakhala ouma kwa zaka mazana.

Mvula inayamba, yopyapyala koma yolowerera. Ndinabisala pansi pa chipata limodzi ndi mtsikana wogwira ntchito pamalopa, ndipo ndinamufunsa funso lomwe lakhala likundivuta: munthu wodziwa kusambira angalephere bwanji kuwoloka? Anati osambira sanali vuto, poti munthu wovala zitsulo sasambira, ndipo wovula zitsulo akafika kukhoma alibe chochita. Choopsa chenicheni chinali okumba. Adani ankakumba ngalande yapansi mpaka kufika pansi pa maziko, kuchirikiza denga lake ndi mitengo, kenako kuyatsa moto. Mitengo ikapsa, khoma limatitimira lokha. Ku Rochester mu 1215 mfumu John inaitanitsa nkhumba zonona 40 kuti mafuta ake akoleze moto wotere, ndipo ngodya ya nsanja inagwadi. Koma pansi pa nyanja sungakumbe, ngalande yako imadzaza usanafike. Nsanja zamatabwa zokankha pamateyala nazonso sizingafike kukhoma.

Ndinaseka ndekha, mtsikanayo n'kudabwa. Ndiye kuti amayi sanaphonye kwenikweni. Nkhani yake ndi ya moto ndithu.

Ndinamufunsa dzina lake la chinthuchi m'Chiwelishi. Anati ffos. Ndinafunsa tanthauzo lake lenileni. Anakweza mapewa: dzenje lililonse lalitali, ngakhale la m'mbali mwa msewu. Ngalande, basi! Anthu okhala ndi malinga ochuluka chonchi sanavutike n'kupeka liwu lapadera.

Ndinaonanso nsanja yopendekeka ya lingali, yopendama kuposa ya ku Pisa ku Italy, pansi pake pali chiboliboli chamtengo cha munthu akuikankha. Aliyense amajambulitsa akuthandiza kukankha. Inenso ndinatero, musandifunse.

Madzulo ndinaimbira bambo mwachindunji, mayunitsi apite. Ndinawauza za ffos, ndikuganiza kuti ndapambana mlandu. Anakhala chete, ndikumva nkhuku zikulowa m'khola kumbuyo kwawo. Kenako anayamba kuwerenga okha. Linga tili nalo, n'chifukwa chake ku Nkhotakota kuli malo otchedwa Linga, ndipo la Mlozi ku Karonga linagwa mu 1895. Mbuna tili nayo, koma ija ndi yobisa kuti nyama igweremo, pomwe iyi imaonekera dala. Dziwe ndi la mumtsinje. Thamanda limadzibwerera lokha. Makolo athu kuno nkhondo ikabwera ankakwera phiri, ndiye phirilo silinkafuna kukumbira. "Chinthu chimene sunachipange sungachitche dzina, Naphiri. Koma ukachiona uyenera kuchitcha." Anati ndiwapatse usiku umodzi.

Loweruka, 11 Okutobala, pobwerera

Jekete lobwereka lija silinaume. Ndalikulunga m'jumbo, likununkha ngati galu wa bambo wa ku Kenilworth. Ndalama zatsala zokwana basi ya m'tauni ndi mkaka. Timakeke tiwiri ndasungira agogo aja, ngati manesi angalole shuga wake.

Uthenga wa bambo unafika tili pafupi ndi Birmingham, wa mphindi zinayi, theka lake akukangana ndi amayi. Bambo akuti mpanda wamadzi. Amayi kumbuyo akuti mpanda umaima, sugona pansi, ndipo chinthu chothiramo zimbudzi 28 iwo sangachitche mpanda, ndi chithaphwi cha mfumu basi. Bambo akuti mpanda ndi ntchito yake, osati kaimidwe. Amayi akuti ndiye mukamange wamadzi kudimba muone ngati mbuzi zingaleke kulowa.

Ndinayankha kuti mpanda wamadzi wandikomera, ndipo Lolemba ndikawaphunzitsa agogo aja kutchula. Patangopita mphindi ziwiri foni inaliranso.

"Usawaphunzitse kaye. Amenewo ndi mawu awiri, ine ndimafuna limodzi. Ndikafunsa anzanga kubawo mawa tikaweruka kutchalitchi."